Berry Gordy: bwana amene anagulitsa kampani n'kusunga nyimbo

Anthu ambiri akamva zoti uje ndi bwana wa kampani yojambula nyimbo, amaganiza kuti ntchito yake ndi kukhala ndi khutu lakuthwa basi. Khutu limafunika ndithu, koma chimene chimalemeretsa mabwanawa ndi umwini. Moyo wa Berry Gordy, yemwe anayambitsa kampani yojambula nyimbo ya Motown mumzinda wa Detroit m'dziko la America, umaonetsa zimenezi poyera.

Gordy anabadwa mu 1929. Anayesapo nkhonya, anatsegula sitolo ya malekodi a jazz n'kugwa nayo, kenako analowa ntchito pafakitale ya magalimoto ya Ford. Ankapekanso nyimbo, ndipo zina zimene woimba Jackie Wilson anatchuka nazo zinadutsa m'manja mwake. Koma ndalama zinkathera kwa eni makampani. Atajambula gulu la Smokey Robinson n'kupereka nyimboyo kukampani ina, cheke chimene analandira chinali cha madola 3.19. Mu Januwale 1959 anabwereka madola 800 kwa abale ake n'kuyamba yakeyake.

Apa mumvetse bwino, chifukwa oimba ambiri amapunthwa pomwepa. Nyimbo iliyonse ili ndi umwini pawiri. Pali mawu ndi kaimbidwe, zomwe ndi za wopeka, ndiye pali chojambulidwa cha mu situdiyo, chija amachitcha master. Woimba wina akaitenga nyimboyo n'kuijambulanso mwa iye yekha, mwini master sapezapo kanthu, pomwe mwini mawu amalandira ndithu, chaka ndi chaka. Gordy anagwira konsekonse. Zojambulidwa zinali za Motown, ndipo zopeka zinkalembetsedwa kukampani yake ina, Jobete.

Kayendetsedwe kake anakatenga kufakitale kuja, kumene galimoto imalowa ili chitsulo n'kutuluka ikunyezimira. Mtsikana wongotuluka kumene sukulu ankapita kwa Maxine Powell kukaphunzira kayendedwe, kakhalidwe pampando ndi kayankhulidwe pamaso pa anthu. Cholly Atkins ankaphunzitsa kavinidwe. Lachisanu lililonse m'mawa pankakhala msonkhano womvera nyimbo zatsopano, ndipo funso linali lapafupi: muli ndi njala, m'thumba mwatsala dola imodzi, mugula chakudya kapena lekodi iyi? Nyimbo ikalephera pamenepo inkabwerera mu situdiyo, ngakhale mwini wake akhale wotchuka chotani.

Dongosololi linabala The Supremes, The Temptations ndi Stevie Wonder. Linabalanso madandaulo, ndipo ine ndimaona kuti ambiri mwa iwo anali omveka. Gulu la opeka atatu la Holland-Dozier-Holland linachoka cha mu 1968 litakangana naye pa nkhani ya malipiro, mpaka anafika kukhoti. A Jackson 5 atasamukira kukampani ya Epic mu 1975 anasiya dzina lawo kumbuyo, poti nalo linali la Motown, n'kuyamba kutchedwa The Jacksons. Khutu lija nalo linkaphonya. Gordy anakana kutulutsa nyimbo ya Marvin Gaye yotchedwa What's Going On poopa kuti ndi ya ndale, sigulika. Itatuluka mu 1971 inagulidwa ngati moto.

Mu 1972 anasamutsira kampani ku Los Angeles pofuna kulowa m'mafilimu, ndipo oimba zida ambiri amene anamanga kamvekedwe ka Motown anatsala ku Detroit. Kuchokera apo mphamvu zinayamba kuchepa pang'onopang'ono, makampani akuluakulu akumulanda oimba powapatsa ndalama zimene iye sakanafikapo.

Mu 1988 anagulitsa Motown kukampani ya MCA ndi anzake pa madola 61 miliyoni, dzina ndi zojambulidwa zomwe. Jobete sanaiike pamalondapo. Patatha zaka 9, mu 1997, kampani ya EMI inagula theka lokha la Jobete pa madola 132 miliyoni.