Sipika ya Bluetooth siidya bandulo

Pamsika wa Nchalo ndamva anthu akuchenjezana kuti sipika ya Bluetooth imadya bandulo. Si zoona, abale anga. Bluetooth imangolumikiza foni ndi sipika pa mtunda waufupi, mamita pafupifupi 10, osadutsa pa netiweki. Yesani nokha: chotsani simu khadi, muyatse nyimbo za pa memori khadi, sipika ilira bwinobwino. Bandulo imatha mukamamvera nyimbo pa YouTube, ndipo ikanathabe ngakhale popanda sipikayo.

Sipika ya Wi-Fi ndiyo imafuna rauta, kachipangizo kogawa intaneti m'nyumba; ngati mulibe musatayirepo ndalama. Pogula sipika ya Bluetooth funsani kuti batire imakhala maola angati. Ndipo ndi kutentha kwa Okutobala kuno kuchigwa, musamaisiye padzuwa, batire imafooka msanga.