Pangano la Montreal: anasaina umboni usanakwane

Pa 16 September chaka chilichonse anthu amakumbukira pangano la Montreal la 1987, loteteza ozoni, mpweya wa m'mwamba umene umatitchinga ku cheza choopsa cha dzuwa, ndipo ambiri amaifotokoza nkhaniyi mwachidule: asayansi anapeza chiboo mu mpweya wa ozoni, andale n'kuchita mantha, basi n'kusaina. Madeti ake akukana zimenezi.

Mu 1974 Mario Molina ndi Sherwood Rowland anachenjeza kuti mankhwala a CFC, a m'mafiriji ndi m'zitini zopopera, akakwera m'mwamba amasweka ndi dzuwa n'kutulutsa klorini amene amadya ozoni. Makampani anafunsa kuti umboni uli kuti, ndipo zaka khumi zinatha akukokanakokana. Pangano loyamba la maiko pa za ozoni, la Vienna la March 1985, silinaletse kanthu.

Mu May chaka chomwecho, Joe Farman ndi anzake awiri a British Antarctic Survey anaulula kuti ku Halley, malo awo ofufuzira ku Antarctica, ozoni wa mwezi wa October watsika kuchoka pa mayuniti a Dobson (muyeso wa kuchuluka kwa ozoni) pafupifupi 300 kufika cha m'ma 200: ichi ndicho chiboo chija. Palibe masamu amene analosera zotere, tsono chifukwa chake chinautsa mkangano. Ena ankati ndi klorini, ena mphepo za m'mwamba, enanso kusinthasintha kwa dzuwa. Chinathetsa mkanganowo ndi ndege ya ER-2 imene inkanyamuka ku Punta Arenas, ku Chile, n'kulowa m'chiboomo: pamene mpweya wa klorini unkachuluka, ozoni ankatsika pomwepo. Zotsatirazo zinalengezedwa kumapeto kwa September 1987, nthumwi zitasaina kale.

Richard Benedick, amene ankatsogolera nthumwi za America, ananena pambuyo pake kuti chiboocho sanachiwerengere pokambirana. Olemba mbiri ena amakayika, ndipo n'zovutadi kukhulupirira kuti munthu amene waona zithunzi za setilaiti zosonyeza chiboocho angaziiwale polowa m'chipinda cha zokambirana.

Nzeru ya Mostafa Tolba wa UNEP, nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe, ndi nthumwizo inali m'kalembedwe ka panganolo. Anangogwirizana zodula ma CFC ndi theka, maiko osauka n'kupatsidwa zaka khumi zoonjezera. Koma anaikamo lamulo loti akatswiri aziunikanso umboni zaka zinayi zisanapitirire, komanso kuti chiletso cha mankhwala amene ali kale pamndandanda chitha kukhwimitsidwa popanda kubwereranso ku nyumba za malamulo. Khomo limeneli silinachedwe kugwira ntchito: mu March 1988 kampani yaikulu yopanga mankhwala ya DuPont inalengeza kuti isiya kupanga ma CFC, ndipo ku London mu 1990 theka lija linasanduka chiletso chonse pofika 2000, pamodzi ndi thumba la ndalama zothandizira maiko osauka.