Timadontho toyera pa khadi si vuto la riboni

Anthu ambiri akangoona timadontho toyera pa ID yomwe yatuluka mu printa amathamangira kusintha riboni (lamba wa utoto wa mu printamo), ati yatha kapena ndi ya feki. Ayi ndithu, nthawi zambiri ndi fumbi basi. Makinawa alibe inki yamadzi, printhead (kachipangizo kosindikizira ka mkati mwa printa) imatenthetsa riboni utoto nkulowa mu pulasitiki, ndiye kafumbi kakangokhala pakhadi utoto sufikapo, chimodzimodzinso mafuta a m'zala mukagwira khadi pakati m'malo mogwira m'mbali. Muzilowetsa cleaning card (khadi lotsukira printa) ya alcohol kuti ma roller ayere mukamasintha riboni. Koma mukaona mzere woyera wowongoka kuchokera uku mpaka uko, pamalo omwewo khadi lililonse, imeneyo ndi printhead, ipukuteni ndi swab (kamtengo kokhala ndi kasiponji kunsonga), mzerewo ukapanda kuchoka ndiye kuti yawonongeka, pakufunika ina.