Kuyanjana ndi achipembedzo china si kugulitsa chikhulupiriro

Anthu ambiri amati ukayamba kugwirizana ndi achipembedzo china ndiye kuti chikhulupiriro chako chazilala. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo adanitsa anthu kwa nthawi yaitali.

Ku Kaduna, m'dziko la Nigeria, Mbusa James Wuye ndi Imam Muhammad Ashafa ankatsogolera magulu a achinyamata omenyana. Pa zipolowe za mu 1992, Wuye anadulidwa dzanja lamanja, pomwe Ashafa anaferedwa mphunzitsi wake ndi achibale awiri. Atakumana mu 1995, mabala anali akadali aawisi, ndipo chidani sichinathe tsiku limodzi. Chomwe chinawafewetsa mitima ndi chiphunzitso cha kukhululuka, chomwe aliyense anachimva m'chipembedzo chake chomwe. Palibe anatembenuza mnzake. Wina Mkhristu, wina Msilamu, anakhazikitsa bungwe la Interfaith Mediation Centre loyanjanitsa madera okangana.