Kuvomera nyimbo ya mwini: chiyambi cha mkangano wa karaoke mu Harare

M'mabala a mu Harare momwe mumachitika karaoke, kuimba pa maikolofoni motsatira zing'wenyeng'wenye za pa makina, muli kamkangano kosaphetsa munthu koma kosatha. Wina akaitanidwa dzina, n'kunyamula maikolofoni, n'kuyamba nyimbo imene analembetsa, kodi otsala pamatebulo azingomvetsera kapena azivomera? Anyamata oyendetsa makina amati nyimbo ndi ya amene waitanidwa, ena onse adikire nthawi yawo. A kwathu, a mizu ya ku Malawi, makamaka achikulire a m'malokeshoni a Mbare, Highfield ndi Mufakose, zimenezo sazimva. Kwa iwo, kumuyang'ana mnzako akulimbana ndi nyimbo yekhayekha inu muli duu ndi kuuma mtima. Mbali zonse ziwiri zili ndi pogwira, ndipo pogwirapo panachokera kutali.

Makina a karaoke anabadwira ku Japan. Mu 1967 Shigeichi Negishi, mwini fakitale yolumikiza zipangizo zamagetsi ku Tokyo, anapanga bokosi lomwe analitcha Sparko Box, loti munthu aziimba motsatira tepi. Koma amene dzina lake linamveka kwambiri ndi Daisuke Inoue, woimba ng'oma m'timabala ta mumzinda wa Kobe. Ntchito ya Inoue inali yoperekeza makasitomala ofuna kuimba mowa ukawalowa. Ambiri anali akuluakulu a makampani, anthu othamangira kutsogolo kwa nyimbo kapena kutsalira m'mbuyo, ndipo luso lake linali lowatsatira mmene akuyendera kuti asachite manyazi. Mu 1971 anakonza makina 11 okhala ndi tepi, maikolofoni ndi poponya ndalama, n'kumawabwereketsa kwa eni mabala. Ukaponya 100 yen, zing'wenyeng'wenye zinkayamba. Sanalembetse makinawo kuboma kuti ndi luso lake, motero chuma chomwe chinabwera pambuyo pake chinalemeretsa ena. Mu 2004 anapatsidwa mphoto yanthabwala ya mtendere ya Ig Nobel, ati chifukwa chopezera anthu njira yatsopano yophunzirira kupirirana.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Woimba woyamba wa karaoke anali bwana wosadziwa kuimba, atazunguliridwa ndi antchito ake, ndipo malamulo a mwambowu anamangidwa pofuna kuteteza ulemu wa munthu wotereyo. Ku Japan anthu a ofesi imodzi akaweruka amapitira limodzi kukamwa, ndipo wamng'ono savomerezeka kumangokana. Maikolofoni akayamba kuyenda, aliyense amaimba kamodzi n'kupatsira mnzake. Suimba ziwiri zotsatizana. Susankha nyimbo yomwe aliyense akudziwa kuti ndi ya pamtima pa bwana. Wina akamaimba suyenera kumacheza zako, ndipo akamaliza umawomba m'manja ngakhale wakulasa m'makutu. Kuwomba m'manja motsatira nyimbo n'kololedwa, koma kulowetsa mawu ako osapemphedwa kuli ngati kunena kuti mwini wakeyo walephera. Cholinga sichinali kupikisana luso. Chinali choti aliyense, wamkulu ndi wamng'ono yemwe, adzichepetse kamodzi pamaso pa anzake, mawa kuntchito pasapezeke woseka wina.

Chapakati pa zaka za m'ma 1980, kudera la Okayama anayamba kusandutsa makontena kukhala tizipinda toimbiramo, ndipo kuchokera apo karaoke ya ku Japan inasamukira m'zipinda zotseka zomwe gulu la odziwana limachita lendi pa ola. Ku Korea anatengera zomwezo. Ku Philippines, komwe Roberto del Rosario analembetsa makina akeake oimbira motsatira, karaoke inafalikira mpaka m'timabala ta m'mbali mwa msewu, pomwe osadziwana amamwera limodzi. Kumeneko zinafika poipa. Nyuzipepala zakhala zikulemba za anthu ophedwa pa mikangano yoyambira pa nyimbo ya Frank Sinatra ya My Way, mpaka eni mabala ena anaichotsa pamndandanda. Malamulo omwe anapangidwira anthu a ofesi imodzi akafika pakati pa alendo oledzera amafuna wowateteza, ndipo n'chifukwa chake karaoke ya pagulu imakhala ndi woyendetsa, wogwira mndandanda wa mayina.

Ya pagulu yomweyi ndi imene inazika mizu mu Harare: laputopu, masipika, sikirini yoonetsa mawu, maikolofoni awiri, ndi mnyamata woitana mayina. Eni mabala amaikonda pakati pa sabata, masiku omwe malonda amazizira, chifukwa ndi yotchipa kuyerekeza ndi kulipira bandi, komanso munthu amene akudikira dzina lake sachoka ndipo sakhala ndi botolo louma.

Tsono mwambo wa ku Kobe unapeza mzinda uno uli kale ndi kaimbidwe kake. Makolo athu anayamba kubwera ku Salisbury, dzina lakale la Harare, mzindawu udakali wakhanda, ena wapansi kudzera ku Tete n'kuwoloka Zambezi, ena pa malole a Ulere onyamula ofuna ntchito osalipiritsa, ena atalembedwa ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito. Anagwira ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi, m'makhitchini a azungu ndi kukhonsolo, ndipo ambiri anasanduka matchona. Mpaka 1957 lamulo silinkalola munthu wakuda kugula mowa wa m'mabotolo wa azungu. Ankamwera m'maholo a mowa a khonsolo, omwe phindu lake linkathandizira kuyendetsa malokeshoni, kapena mobisa m'mashabini. Kuimba kwawo kunali pa beni, pa gule wamkulu kumapeto a sabata, pa maliro omwe mabungwe a anthu a mudzi umodzi ankayendetsa, ndi m'makwaya a mpingo umene lero ndi Sinodi ya Harare ya CCAP, womwe ntchito yake inayamba mu 1912 potsatira anthu ochokera ku Nyasaland. Ofuna za pasiteji ankapita ku Mai Musodzi Hall kapena ku Stodart Hall.

Pa beni, pa gule, pa maliro ndi kutchalitchi, nyimbo sinali ya munthu mmodzi. Wina amayambitsa, ena amavomera. Woyambitsa amene palibe womuvomera amadziwa kuti pali chimene walakwira anthu. Mayi wa chigwirizano akaiponya nyimbo pa siwa n'kumva zii, amaisiyira panjira mwamanyazi. Chete yemwe ku Kobe ndi ulemu, kwa ife ndi chilango.

Palinso nkhani ya ndalama. Ife tinakula ndi kufupa. Wovina bwino amaponyeredwa kangachepe, pa ukwati pali perekaniperekani, ndipo pa tsiku losonkhetsa ndalama kutchalitchi wina amalipira kuti kwaya ibwereze, wina n'kuwonjezera kuti ikhale pansi, anthu n'kumafa ndi phwete. Ndalama pa nyimbo kwa ife imaperekedwa poyera, aliyense akuona.

Ndinaziona zikuwombana usiku wina pa bala ina ya m'tauni. Mnyamata wina wogwira ntchito mu ofesi anabwera ndi amalume ake a ku Highfield, bambo a imvi, ovala jekete ngakhale kunkatentha. Mtsikana wina anayamba nyimbo ya Chingelezi yoyenda pang'onopang'ono, ndipo pofika pokwera mawu anayamba kunjenjemera. Mkulu uja mawu a nyimboyo sankawadziwa, koma anangoyamba kuyala besi pansi pake, mmene amachitira kukwaya.

"Amalume, pano savomera," mphwakeyo ananong'oneza, atawagwira mkono. "Nyimbo ndi ya mwini wake."

"Ndiye mwana wa eni ake azimira ife tikuonerera?"

"Ndi lamulo lake, amalume."

"Lamulo la ndani, iwe?"

Nyimbo itatha, mkuluyo anadzuka, natulutsa dola imodzi yakudererathu m'thumba la mkati, n'kukaiika patebulo la kutsogolo kuti afupe mtsikanayo. Woyendetsa makina anaitola, nafunsa m'Chishona dzina lawo ndi nyimbo imene akufuna. Iye anayesa kuti mdalayo akugula malo pamzere.

Ndipo kugula malo kulipodi. Ena amapinda dola, kapena kutumiza pa foni kudzera pa EcoCash, kuti dzina lawo lidumphe anthu khumi. Pamenepa ine ndili kumbali ya anyamata odandaula. Kufupa n'kuthokoza zomwe wamva kale. Kupenyeza ndalama m'dzanja la woyendetsa kuti amene analembetsa dzuwa likulowa azikhalabe akudikira ndi ziphuphu basi, ngakhale zitakhala za dola imodzi. Chimodzimodzi uja wokakamira maikolofoni, amene akamaliza yake amapezekanso pa ya mnzake ati akuthandiza, kenako pa ya mlendo wosamudziwa n'komwe. Ukamudzudzula amayankha kuti nyimbo imodzi sachezera gule. Zoona, koma akuluakulu sananene kuti nyimbo zonsezo aziyambitsa munthu mmodzi.

Pa kuvomera pokha ndiye ndimapendekera kwa amalume aja, ngakhale osati kotheratu. Pali munthu amene wakhala sabata yonse akuyeserera m'bafa, ndipo mphindi zinayi zimenezo ndi zokhazo zomwe anthu amumvetsere. Kumukwirira ndi mawu anu ndi kumulanda. Koma ambiri oimba karaoke mu Harare sali choncho, ndipo mabala ochuluka anafika pa kamgwirizano kosalembedwa: ndime ndi za woimba, kolasi ndi ya nyumba yonse. Woimba akalozetsa maikolofoni kwa anthu, watsekula chitseko. Akatsinzina n'kugwira ndi manja awiri, musiyeni. Magetsi akathima nyimbo ili pakati, zomwe kuno si zachilendo, lamulo la ku Japan limathima nawo limodzi, chifukwa anthu a pamatebulo ndi amene amainyamula mpaka jenereta italira.

Chomwe chimawawa a kwathu kwambiri ndi mndandanda wa nyimbo. Zoimbira karaoke zambiri zimakonzedwa kunja, ndipo zadzaza Chingelezi. Za Chishona n'zowerengeka, za Chichewa ndiye kuchita kusaka. Izi zikuchitika mumzinda momwe sungura, nyimbo za m'makombi (maminibasi) ndi m'mabala a kulokeshoni, inakwezedwa ndi ana a matchona. Nicholas Zakaria wa Khiama Boys ndi Alick Macheso, yemwe anadzera m'gulu lomwelo asanayambitse Orchestra Mberikwazvo, onse anabadwa ndi magazi a ku Malawi, ndipo onse anajambulapo nyimbo m'chinenero chathu. Kwa anthu omwe akhala akunenedwa kuti ndi mabhurandaya, dzina lonyoza lochokera ku mawu oti Blantyre, omwe lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri a iwo ali alendo m'dziko lobadwira mpaka malamulo aakulu a 2013 atakonzako zinthu, kuimirira m'bala ya kumayadi ku Avondale n'kuimba Chichewa pa maikolofoni si nkhani yaing'ono. Pali zidzukulu zomwe kunyumba zimayankha agogo m'Chishona, koma mzere wa Chichewa wa mu sungura zimaudziwa pamtima.

Vuto n'lakuti sungura sinapangidwire karaoke. Nyimbo imodzi imatha kudutsa mphindi khumi, ndipo mbali yaikulu ndi magitala okhaokha, woimba n'kungoti njo, osadziwa chochita ndi manja, pokhapokha ngati amatha kuvina. Munthu akaumirira, woyendetsa amaisaka pa YouTube, ndipo akapanda kupeza yopanda mawu amangoika yeniyeniyo n'kutsitsako pang'ono kuti woimbayo akwere pamwamba pake. Pa sikirini sipaoneka mawu alionse, motero aliyense wowadziwa amathandiza, ndipo palibe woletsa mnzake.

Oyendetsa makina nyimbo zoterezi sazikonda, chifukwa imodzi imadya nthawi ya anthu atatu pamzere. Amakonda kuzikankhira kumapeto kwenikweni, usiku utapita. Pofika nthawi imeneyo makombi a ku Mufakose, Mabvuku ndi Chitungwiza amakhala atayamba kusowa pamsewu, ndipo ambiri mwa odziwa kuvomera amakhala atanyamuka kale kuthamangira ya kumapeto.