Wachinyamata Akasiya Kuseka: Uthenga wa Matenda Ovutika Maganizo

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti pa achinyamata 7 aliwonse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la maganizo. Ambiri salandira thandizo, chifukwa kunyumba amangoti ndi ulesi kapena mwano wa pa unyamata.

Mungadziwe bwanji?

Kukhumudwa tsiku limodzi kapena awiri n'kwa aliyense. Timati ndi matenda chisoni chikamugwira munthu pafupifupi tsiku lililonse kwa masabata awiri kapena kuposerapo. Amasiya zomwe ankakonda, amadzipatula, tulo sabwera kapena amangogona, chakudya sachifuna, thupi limangolefuka. Achinyamata ambiri salira ayi, amangopsa mtima msanga, ndipo apa ndi pomwe makolo amasokonezeka, n'kuyamba kukalipira mwana yemwe akudwala.

Matendawa amalowa mpaka m'kalasi. Mutu sugwira, mayeso amalephera, kenako mwana amasiya sukulu. Akasiya, ntchito imasowa, ndipo kukhala pakhomo chaka ndi chaka anzake akupita patsogolo kumakulitsa vutolo. Bungwe la zantchito la ILO linapeza kuti mu 2023 wachinyamata mmodzi pa asanu aliwonse padziko lonse sanali pasukulu, pantchito kapena pamaphunziro a luso, ndipo awiri mwa atatu mwa iwowa anali atsikana. Ena amathawira ku mowa ndi chamba, koma mawa lake mtima umalemera kuposa dzulo.

Mungachite chiyani?

Khalani naye pansi, mumumvetsere osamudula mawu, osamuyerekeza ndi ana a eni. Kenako pitani naye kuchipatala. Matendawa amachizika: ambiri amapeza bwino ndi uphungu wa akatswiri, ena amafunikanso mankhwala, omwe ayenera kulembedwa ndi dokotala basi.

Akanena kuti "bola kungofa", chonde musazitenge ngati nthabwala. Kudzipha ndi chimodzi mwa zinthu zomwe zikupha kwambiri anthu a zaka 15 mpaka 29. Mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsako sikumupatsa maganizo amenewo, kumamupatsa mpata wolankhula. Musamusiye yekha. Chotsani pafupi mankhwala ophera tizilombo, mapiritsi, zingwe ndi zida, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Ngati ukuwerengawe ndi iweyo amene ukumva chonchi, uza munthu mmodzi wamkulu amene umamukhulupirira lero lomwe, kaya ndi kholo, mphunzitsi kapena namwino.