Kupambana chisankho si chilolezo chochita chilichonse

Anthu ambiri amakhulupirira kuti mu demokalase amene wapeza mavoti ochuluka ali ndi ufulu wochita zilizonse zomwe akufuna. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo ndi oopsa kwambiri.

Chisankho chimangosankha wolamulira, sichimupatsa mphamvu zopanda malire. Malirewo amachokera ku malamulo oyendetsera dziko, makhoti oima paokha, nyumba ya malamulo yokhoza kukana bajeti, atolankhani omasuka, komanso chisankho chotsatira chochitika pa nthawi yake. Zimenezi zikafooka, wovota uja amatsala pambalambanda, ngakhale amene anavotera wopambanayo.

Taonani zomwe zinachitika ku Germany. Pa chisankho cha pa 5 Marichi 1933, chipani cha Nazi, chotsogozedwa ndi Adolf Hitler, chinapeza mavoti pafupifupi 44 pa 100 alionse, osafika ndi theka lomwe. Pa 23 Marichi, aphungu achikomyunizimu atamangidwa, ena atathawa, nyumba ya malamulo inavomereza ndi mavoti 444 kwa 94 lamulo lolola boma la Hitler kupanga malamulo popanda aphungu. Pa 14 Julayi chaka chomwecho, zipani zina zonse zinaletsedwa.